Funso la kapisozi limene linandigonjetsa

Teremu yathayi, tili pa phunziro la halaal ndi haraam mu Fomu 3, mtsikana wina anakweza dzanja: "Ustazi, nanga makapisozi timalandira kuchipatala aja, chikhungwa chake n'cha halaal?" Ndinakhala zaka zambiri kumadrasa, kukoleji ndinapitako, koma tsikulo ndinangoti ndiyankha sabata yamawa.

Nditafufuza ndinapeza kuti zikhungwa zambiri amazipanga ndi jelatini wochokera ku mafupa ndi zikopa za ng'ombe kapena nkhumba, zina n'zochokera ku zomera. Maulama amalola mankhwala otere pamene palibe ena olowa m'malo, choncho pasapezeke wosiya kumwa mankhwala ati Ustazi anena. Chimene chinanditsalira m'mutu n'china: pali munthu amene amasankha kuti m'Malawi mulowe kapisozi uyu, osati uyo. Ameneyo ndani?

Mankhwala athu ambiri amachokera kunja, makamaka ku India. Asanagulitsidwe, kampani imayenera kuwalembetsa kubungwe la boma la PMRA ku Lilongwe. Ndiye kukampaniko pamakhala wosonkhanitsa umboni: muli zotani m'mankhwalamo, fakitale yake ndi yaukhondo bwanji, angapirire kutentha ngati kwa ku Kachulu mu Okutobala? Pamakhalanso wofunafuna misika ndi kukambirana mapangano a chilolezo. Mu 2014 kampani ya ViiV Healthcare inagwirizana ndi bungwe la Medicines Patent Pool kuti makampani ena azipanga dolutegravir motsika mtengo, ndipo mu 2019 dziko lino linayamba kupereka ma ARV okhala ndi mankhwalawa kwa anthu ambiri. Anakambirana panganolo sanabaye munthu jakisoni, koma abale athu ali moyo.

Mafuta odzola nawonso amafuna anthu otere. M'bale wanga anagula pamsika mafuta oyeretsa khungu, kabotolo kopanda chizindikiro cha MBS ngakhale dzina la wopanga. Masaya ake ali ndi zipsera mpaka lero. Kabotoloko palibe anakayeza, palibenso woti n'kukamudandaulira.

Makolo anzanga, mwana akakhoza sayansi timangodziwa udokotala ndi unamwino. Akalephera kulowa kumeneko timati basi, apite kunyanja. Nyanja yomweyi inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pamatope. KUHeS ku Blantyre imaphunzitsa za mankhwala, UNIMA pa Zomba pompa ili ndi Chemistry ndi zamalamulo. Ntchitozi zimafunanso Chingerezi chabwino, chifukwa liwu limodzi lolakwika m'pangano limaluzitsa ndalama zambiri. Ndipo m'misonkhano yotere, Msilamu akakhalamo ndi amene angafunse za jelatini uja.

Ndapempha akomiti a mzikiti kuti teremu ino atiitanire katswiri wa zamankhwala adzacheze ndi ana a Fomu 3 ndi 4, Insha Allah. Mtsikana uja ndinamuyankha mmene ndinathera. Anangogwedeza mutu, n'kufunsa kuti ku KUHeS amafuna mapointi angati.