CHONGWE: MALO NDI MADZI PA KHOMO LA LUSAKA

Munthu amene akwera basi ku Lusaka kulunjika kum'mawa, pa mseu waukulu wopita ku Chipata, sazindikira msanga pamene mzinda wathera ndi pamene boma la Chongwe layambira. Kale munthu akangopitirira Chelston ndi mphambano ya ku bwalo la ndeke anali kuona thengo, minda ndi ng'ombe. Masiku ano aona mipanda ya njerwa, malo omwetsera mafuta a galimoto ndi zikwangwani zolengeza mapuloti ogulitsa. Kucokera ku Lusaka kufika pa boma penipeni pa Chongwe pali mtunda wa makilomita pafupifupi 45, ndipo caka ndi caka mtunda wopanda nyumba ukuceperacepera.

Amene ayenda pa mseu uwu mbandakuca akumana ndi amuna okankha njinga zolemedwa ndi matumba a malasha, onse kulunjika ku mzinda. Pambuyo pao pabwera magalimoto a matimati, repu, nkhuku ndi mcenga womangira nyumba. Zonsezi zicokera m'midzi ya Chongwe. Dzuwa likakwera magalimoto ena ayamba kutuluka mu mzinda, ndipo mwa iwo muli anthu ofuna malo omangapo kapena kulimapo. Motero Chongwe adyetsa Lusaka ndi kumuphikira nsima pa moto wa malasha ace, koma Lusaka nayenso akufuna nthaka yeniyeni ya Chongwe.

ENI DZIKO

Dziko ili ndi la Asoli, ndipo mfumu yao yaikulu m'dera lino ndi Mai Nkomeshya Mukamambo II, amene akhala pa mpando kuyambira mu 1971. Caka ciriconse mvula isanayambe Asoli asonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, dzina limene litanthauza kukoka mitambo. Pa mwambowo mfumu ipempha mvula kwa Mulungu kupyolera mwa makolo, ndipo ibzala mbeu zoyamba kuti anthu ace ayambe nchito ya kumunda. Mlendo amene apenyerera mwambo uwu amvetsa kuti kwa Asoli nthaka ndi mvula ndizo zigwira mudzi kuti ukhale pamodzi.

Kuthinana kwa malo m'dziko la Asoli kunayamba kale. Mu 1905 njanji ya sitima inafika pa malo amene anapatsidwa dzina la nyakwawa Lusaaka. M'caka comweco ansembe a Cikatolika anatsegula mishoni ya Kasisi, imene iri m'boma la Chongwe kufikira lero. Azungu olima anatenga malo acondewo oyandikana ndi njanji, ndipo mu 1928 ndi 1929 boma la atsamunda linakhazikitsa malamulo ogawa dziko pawiri: malo a Mfumu ya ku Britain, amene Azungu anali kugula kapena kubwereka, ndi malo opatulidwira anthu akuda. Mabanja ambiri anasamutsidwa kucoka kufupi ndi njanji. Mu 1935 likulu la dziko linacoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka, ndipo kuyambira pomwepo mzinda sunalekenso kukula.

Ici ndico cifukwa cace m'boma limodzi la Chongwe muli mitundu iwiri ya malo. Pali mapulazi akuluakulu okhala ndi mapepala a boma, madamu ndi makina othirira mbeu, ndipo kuseri kwa waya wao kuli midzi ya anthu olima ndi khasu kapena pulawo ya ng'ombe pa malo a mfumu. Waya umene ulekanitsa awiriwa ndi wa masiku ano, koma malire ace ambiri analembedwa ndi atsamunda.

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, boma linayesa kuwongola zina. Mu 1975 Mtsogoleri Kenneth Kaunda anathetsa lamulo lakuti munthu akhale mwini wace wa nthaka kwamuyaya, ndipo malo onse anaikidwa m'manja mwa Mtsogoleri m'malo mwa anthu a dziko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linatsegula malo a Kanakantapa kuti acinyamata osowa nchito m'tauni apeze minda. Ambiri mwa anthu a ku Kanakantapa lero ndi ana ndi adzukulu a iwo amene anafika nthawi imeneyo kucokera ku zigawo zosiyanasiyana za dziko.

ULALO WA PA CHONGWE

Wapaulendo akaoloka ulalo wa pa mtsinje wa Chongwe aoloka pa malo amene anaona nkhondo. Pamene Ian Smith anapandukira Britain mu November 1965, Zambia anakana kugwirizana naye ndipo analandira omenyera ufulu wa Zimbabwe. Popeza dziko lathu liribe doko la pa nyanja yamcere, adani anadziwa kuti njira yolilangira ndiyo kudula miseu ndi njanji zace. Mu October 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wa njanji ya Tazara pa mtsinje wa Chambeshi. Mu November caka comweco boma la kumeneko linatseka njira ya cimanga cobwera ku Zambia kucokera kum'mwera, ndipo asilikali ace anaphulitsa maulalo ena angapo. Umodzi mwa iwo unali wa pa Chongwe, pa mseu wolumikiza Lusaka ndi cigawo ca kum'mawa, Malawi ndi Mozambique.

Pa 23 November 1979 komiti yoona za citetezo ya bungwe la United Nations inadzudzula ciwembu ici ndi kunena kuti Zambia ayenera kulipidwa pa zoonongekazo. Pa 21 December anasaina pangano la mtendere ku Lancaster House mu London, ndipo Zimbabwe analandira ufulu pa 18 April 1980. Amene anakambirana panganolo anali kutali, koma amene anasowa njira yotengera feteleza ndi mbeu pa ciyambi ca dzinja anali alimi a ku Chongwe ndi a kum'mawa. Anthu a m'midzi anasenza katundu wa ufulu wa anansi ao, ndipo ndi bwino kuti ana a sukulu amene aoloka ulalo uwu adziwe mbiri yace.

Maiko akunja akali kuonekera m'boma la Chongwe. Bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda liri m'boma lomweli. Nyumba yace yatsopano yolandiriramo apaulendo inatsegulidwa mu August 2021, ndipo nchitoyo inalipiridwa ndi ngongole ya madola 360 miliyoni yocokera ku banki ya boma la China. Pafupi ndi bwalolo pali malo opatulidwira mafakitale a mgwirizano wa Zambia ndi China. Zinthu izi zabweretsa nchito kwa ena, ndiponso zakweza mtengo wa nthaka yonse yozungulira. Mlimi amene aona ndeke ikutera pamwamba pa munda wace adziwa kuti munda womwewo pali wina amene akuuwerengera mtengo.

MTSINJE UMENE UUMA

Mtsinje wa Chongwe uyambira kumpoto kwa Lusaka, ulandira madzi a Ngwerere ndi a Chalimbana, kenaka utsika mapiri kukathira mu Zambezi m'malire a nkhalango ya zinyama ya Lower Zambezi. Anthu a pa boma amwa madzi a mtsinje uwu, amene aimitsidwa ndi kadamu kakang'ono ndi kuyeretsedwa asanapite m'mapompi. M'zaka zingapo pakati pa 2012 ndi 2020 madzi a pa kadamuka anaphwa m'miyezi yotentha, kotero kuti anthu anali kuima pa mzere kudikira magalimoto obweretsa madzi. Mu February 2024 Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo alimi a ku Chongwe anali pakati pa iwo amene cimanga cao cinapsa ndi dzuwa.

Kucepa kwa mvula ndi cifukwa cimodzi cabe. Kumtunda kwa mtsinje kuli madamu a mapulazi ndi makina okoka madzi othirira mbeu m'cilimwe. Mitengo ya m'mphepete yadulidwa kuocha malasha, ndipo mcenga wa m'mitsinje ukumbidwa kukamangira nyumba mu mzinda. Mitengo ikatha madzi a mvula salowa pansi, athamanga onse m'dzinja ndi kusiya mtsinje wouma mu October. Nao mtsinje wa Ngwerere udutsa m'makomboni a Lusaka ndipo utenga zonyansa za mu mzinda kubwera nazo ku Chongwe.

Madzi akasowa anthu savutika mofanana. Wa ndalama aitana makina kukumba citsime cakuya m'kati mwa mpanda wace ndi kuika thanki pamwamba. Mai wa m'mudzi afukula mcenga wa mu mtsinje ndi cikho, ndipo mwana wace wamkazi acedwa ku sukulu cifukwa ca mtunda wa ku madzi. Mu July 2010 msonkhano waukulu wa United Nations unabvomereza kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense. Mu 2011 Zambia anakhazikitsa lamulo latsopano la madzi, limene linabala bungwe la WARMA lopereka zilolezo kwa otunga madzi ambiri ndi omanga madamu. Lamulolo liika madzi a pakhomo patsogolo pa madzi a malonda. Nchito imene yatsala ndi yakuti lamulo limveke m'mwezi wa October monga limveka pa pepala.

Nkhani ya nkhalango yochedwa Forest 27, kum'mawa kwa Lusaka, ionetsa m'mene malo ndi madzi zigwirizanira. Nkhalango iyi ndiyo isunga akasupe a mtsinje wa Chalimbana. Inatetezedwa ndi lamulo mu 1957, citetezo cinacotsedwa mu 1983, ndipo cinabwezedwa mu 1996 anthu atadandaula kuti mtsinje wayamba kuuma. Pakati pa 2017 ndi 2019 mbali zina za nkhalangoyo zinacotsedwanso m'citetezo ndi kudulidwa mapuloti a nyumba. Anthu a m'dera ndi mabungwe oteteza cilengedwe anatengera nkhaniyo ku khoti, ndipo Mfumu Nkomeshya inalankhula poyera kukana kuonongedwa kwa nkhalangoyo. Kumunsi kwa mtsinje womwewo kuli Chalimbana, kumene aphunzitsi a dziko lino aphunzitsidwa kuyambira mu 1939 ndipo tsopano kuli yunivesite.

MUNDA UKASANDUKA PULOTI

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chongwe, ngakhale kuti dera la Rufunsa linapatulidwa kukhala boma lapalokha mu 2012. M'boma la Lusaka anapezamo anthu oposa 2 miliyoni. Anthu onsewa afuna pogona, ndipo malo amene ali pafupi ndi a Chongwe.

Lamulo la malo la 1995 lilola kuti malo a mfumu asandutsidwe malo a mapepala, amene munthu abwereka ku boma kwa zaka zofika 99. Kuti zitero pafunika cilolezo ca mfumu ndi ca khonsolo, ndiponso lamulo linena kuti anthu amene nkhaniyo iwakhudza afunsidwe. Lamulo ili lathandiza ena kupeza mapepala ndi ngongole za ulimi. Koma wodziwa njira ya ku maofesi, wokhala ndi ndalama zolipira woyeza malo, kawirikawiri ndi munthu wa m'tauni. Malo akangosanduka a mapepala acoka m'manja mwa nyakwawa, ndipo lamulo silinaike njira yowabwezera ku mudzi. Dambo lodyetsera ng'ombe, njira ya ku citsime ndi thengo lotolamo nkhuni ndi bowa zingathe kutsekedwa ndi waya tsiku limodzi.

Pali mabanja ena amene agulitsa okha minda yao cifukwa ca matenda, maliro kapena ndalama za sukulu. Ndalamazo zioneka zambiri pa tsiku lolandira, koma zikatha banja liyamba kugwira ganyu pa munda umene unali wace. Amene abvutika koposa ndi akazi amasiye ndi ana amasiye, popeza nthawi zambiri malonda apangidwa ndi acibale acimuna iwo osadziwa. Mnyamata wosowa munda alowa m'thengo kukaocha malasha, ndipo mitengo imene adula ndi yomwe inali kusunga mtsinje.

Awerengi a ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi asaganize kuti nkhani iyi ndi ya Asoli okha. Paliponse pamene tauni ikula kapena mseu wa tala ufika, mtengo wa nthaka ukwera ndipo ogula abwera. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Nzeru imene anthu a ku Chongwe aphunzira mowawa ndi yakuti malire a munda adziwike ndi kulembedwa m'buku la nyakwawa, dzina la mai likhalemo pamodzi ndi la bambo, ndipo munthu asasaine kapena kudinda cala pa pepala limene sanawerengeredwe pamaso pa mboni. Dambo, manda ndi akasupe ndi za mudzi wonse, motero malonda a malo otere ayenera kukambidwa pa bwalo anthu onse akumva. Pakabuka mkangano pali mfumu, pali khonsolo, ndiponso pali khoti lapadera la milandu ya malo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo lomwelo la 1995.

Madzulo basi ikamabwerera ku Lusaka ikumana ndi amuna a njinga aja akubwerera kwao, matumba ali opanda kanthu, atamanga kathumba ka ufa kapena botolo la mafuta ophikira kumbuyo. Pa msika wa Chongwe amai asonkhanitsa matimati otsala ndi kuyamba ulendo wa ku midzi. Ambiri mwa iwo akali ndi minda imene analandira kwa makolo ao, ndipo mvula ikagwa mu November adzabzalamo cimanga, nshawa ndi kandolo monga mwa zaka zonse.