Chipeso cha laser chomwe ndinayesa tsitsi langa litathothoka

Sabata yatha mayi wina wa ku Bembeke anandifunsa ngati agulitse matumba a kachewere omwe anasungira mbewu kuti agule chipeso cha laser chomwe anachiona pa Facebook. Chipesocho ine ndinachigwiritsapo ntchito, ndiye ndati ndiyankhe poyera kuti ndi ena amve.

Mwana wanga wachiwiri atakwana miyezi inayi, tsitsi linayamba kuthothoka. Ndikapesa, chipeso chinkadzaza. Ndikadzuka, pilo yense tsitsi lokhalokha. M'mbali mwa chipumi munayera mpaka khungu kuonekera. Mwayi wake inali June, ndipo mukudziwa mmene kumazizirira kuno kunsi kwa Phiri la Dedza, choncho palibe ankadabwa kundiona ndili ndi chipewa chaubweya tsiku lonse. Koma mumtima ndinkachita manyazi. Ine namwino, wouza anzanga kusikelo kuti zoterezi zimatha zokha, ndinkaopa galasi langa lomwe.

Achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg atamva, ananditumizira chipesocho pa basi. Ndi chipeso chochajitsa ngati foni, chotulutsa kuwala kofiira pakati pa mano ake. Sichiwotcha, sichipweteka. Apongozi anga atamva dzina lake anaganiza kuti ndi lezala, nkundifunsa kuti, “Mayi a mwana, tsitsi latha kale, mukufunanso kumeta chiyani?”

Ndinkachiyendetsa pang'onopang'ono m'mutu kwa mphindi 15, katatu pa sabata, mwana akagona. Magetsi akazima ndinkakachajitsa kuntchito. Mwezi woyamba panalibe chosintha. Wachiwiri chimodzimodzi. Mnzanga wina wakuntchito ndiye anandiyang'ana m'maso nkundiuza kuti, “Asisi, mwayezetsa magazi liti?” Nditayezetsa anapezeka 10, pomwe mayi yemwe si woyembekezera sayenera kutsika pa 12. Kutopa konse kuja ndi chizungulire ndinkangoti ndi kusagona chifukwa cha mwana. Ndinamwa mapiritsi a ayironi miyezi itatu, ndinamasula meshi yomwe ndinkaluka mothina chiyambire ndili kusukulu ya unamwino, ndipo ndinasiya mankhwala owongolera tsitsi.

Mwana atakwana chaka, tsitsi la pakati pa mutu linali litabwerera. M'mbali linamera lochepa, ndipo kumanzere mpaka lero kuli kadazi kosalala. Ndiye mundifunsa kuti chipeso chinathandiza? Kunena chilungamo, sindingachipatse ulemu umenewo, ndipo chifukwa chake nachi.

Mayi akakhala woyembekezera, mahomoni amagwira tsitsi lomwe likanagwa. Akabereka, lonselo limagwa nthawi imodzi, makamaka pakati pa miyezi iwiri ndi inayi, kenako limabwerera lokha mwana akamayandikira chaka. Langa likanabwerera, chipeso chilipo kapena palibe. Kuchepa kwa magazi nakonso kumathothola tsitsi, ndipo kuwala kofiira sikuwonjezera magazi. Kadazi ka kumanzere kanabwera ndi kukoka kwa meshi kwa zaka zambiri. Mizu ya tsitsi ikakokedwa mpaka kufa, pamatsala chipsera, ndipo pa chipsera palibe chipangizo chomeretsa tsitsi.

Sindikunena kuti zipesozi zonse ndi zachinyengo. Bungwe la FDA la ku America linaloleza chipeso chotchedwa HairMax mu 2007 kwa abambo ndi mu 2011 kwa amayi, koma pa dazi la kumtundu lokha, lija limayamba pang'onopang'ono pakati pa mutu monga analili agogo kapena amalume anu. Ngakhale pamenepo chimangowonjezera pang'ono, patatha miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo mukasiya tsitsi limayambanso kuchepa. Komanso si chipeso chilichonse chowala mofiira chomwe chinayesedwa. Zina ndi tochi chabe.

Musanatulutse ndalama, onani kaye izi:

1. Kutaya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku si matenda. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho wokulonjezani tsitsi m'masabata awiri akukunamizani.

2. Ngati mwabereka posachedwa, kapena mwadwala malungo aakulu miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, dekhani. Koma ngati mukutopa msanga, mtima ukuthamanga, m'manja ndi m'maso mwayera, kayezetseni magazi. Idyani bonongwe, chisoso, nyemba, usipa, mazira ndi chiwindi chikapezeka.

3. Maluko akamapweteka mpaka kulephera kugona, kapena patuluka tiziphuphu m'mbali mwa chipumi, masulani tsiku lomwelo. Chonde ana athu aakazi tisamawaluke mothina.

4. Mwana akakhala ndi zigamba zozungulira zotuwa m'mutu, ndi chipere. Chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8. Zodzola zokha sizikwanira. Musamupake mafuta a mabuleki, ndipo ana asabwerekane chipeso kapena lezala.

5. Tsitsi likamathothoka pamodzi ndi kuwonda, zotupa pakhungu, zilonda m'mutu kapena kutupa pakhosi, pitani kuchipatala msanga. Chindoko, HIV ndi matenda a chithokomiro amatha kuonekera mu tsitsi. Yambani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko. Akaona kuti nkofunika akutumizani ku chipatala cha boma la Dedza kapena kwa madokotala a khungu ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

6. Oyembekezera ndi oyamwitsa musagule mankhwala opaka otchedwa minoxidil musanafunse achipatala.

Chomwe chimandiopsa ndikakumbukira nchakuti ndinakhala miyezi iwiri ndikuyendetsa chipeso m'mutu pomwe vuto linali m'magazi, ndili ndi khanda kumsana. Pakanapanda mnzanga uja, sindikudziwa kuti magaziwo akanatsika kufika pati.

Mayi a ku Bembeke, mbewu yanuyo isungeni mudzadzale. Mwana wanu ali ndi miyezi isanu yokha. Mukapita naye kusikelo mwezi uno, pemphani akuyezeni magazi, ndipo meshiyo muyambe mwaipumitsa. Chipeso changa chili m'kabati. Mukafuna kuchiona ndidzakuonetsani ulere.