Malonda ndi M'maso, Nanga pa Intaneti?

Kwa zaka zambiri ndidaphunzitsa ana a Sitandade 7 ndi 8 mwambi wakuti "malonda ndi m'maso", ndipo tanthauzo lake ndinkalipereka mosajejema. Ndinkawauza kuti munthu wanzeru sagula mbuzi ili kutchire, sapereka ndalama pa nsalu imene sadaitambasule, ndiponso salolera ukwati wa mwana wake ndi munthu amene wangomumvera mbiri. Ana ankalemba, ine n'kumachonga. Sindinkadziwa kuti tsiku lina, mutu utayera ndi imvi, ndidzagulitsa katundu kwa anthu amene sangathe kumuona kapena kumukhudza, ndi kuti mwambi womwewo udzandibwezera m'kalasi.

Nkhaniyi idayamba ndi alamu anga, alongo awo a mayi a kunyumba. Iwowa ndi mmisiri woluka malichero, madengu ndi nsengwa za nsungwi, luso limene adalitola kwa atsibweni awo ali mnyamata. Kale ankamanga katundu wawo pa njinga n'kupita naye ku msika wa Lizulu, kapena kumuyala m'mbali mwa msewu wa M1 kudikira apaulendo. Koma mabeseni ndi ndowa za pulasitiki zidadzaza misika, ndipo miyendo yawo nayo idayamba kukana njinga. M'chilimwe cha 2022 ndidawapeza atakhala pakhonde, m'nyumba muli mulu wa malichero, ena atayamba kale kufumbwa.

"Alamu," adatero, "ndikadzatsikira kulichete ine, m'mudzi muno simudzakhalanso wong'amba nsungwi. Anyamata akuti ntchito imeneyi njosadyetsa."

Mawuwo ndidakawafotokoza kunyumba, ndipo amene adawatola ndi mdzukulu wanga wamkazi, yemwe nthawiyo ankaphunzira za makompyuta ku Lilongwe. "Agogo," adatero, "anthu a m'tauni amazifuna zinthu zimenezi, ena zopetera, ena zokongoletsera nyumba, koma sadziwa kumene zili. Tiyeni titsegule sitolo pa intaneti." Ndidaseka, n'kumufunsa ngati sitolo yopanda khomo ingakhale ndi ogula. Komabe ndidakumbuka kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwanayu adasambira m'maiwe amene ine sindidawaone, choncho ndidalola.

Kwa anzanga a msinkhu wanga amene zinthuzi n'zachilendo, ndifotokoze monga adandifotokozera iye. Sitolo ya pa intaneti imafuna zinthu zitatu. Choyamba ndi dzina, lotchedwa domain, limene lili ngati keyala yoti anthu akupezereni. Mayina a dziko lathu amathera ndi .mw, ngakhale ambiri amatenga othera ndi .com monga tidachitira ife. Dzinali simugula kuti likhale lanu mpaka kale. Mumalipira chaka ndi chaka, ndipo mukaiwala likhoza kutengedwa ndi wina. Chachiwiri ndi malo, amene amati hosting: mumachita lendi kachigawo ka kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene imakhala yoyaka usana ndi usiku. Chachitatu ndi mashelefu ndi kauntala, ndiye kuti pulogalamu yoyalira katundu ndi kulandirira maoda. Ife tidagwiritsa ntchito WordPress, imene idayamba mu 2003, pamodzi ndi WooCommerce, imene idabwera mu 2011 kudzaisandutsa sitolo. Zonse ziwirizi n'zaulere. Ndalama ankatitumizira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo katundu tinkamutumiza pa basi. Ine ntchito yanga idali kulemba mawu ofotokoza katundu ndi kusunga kaundula, zimene mphunzitsi wamkulu saiwala ngakhale atapuma.

Vuto loyamba lidadza sabata isadathe. Mmodzi mwa ana amene ndidawaphunzitsa adandiimbira foni ali ku Mzuzu. "Ahedi," adatero, "tsamba lanu ndaliyesa katatu, koma landithera bandulo ndisadaone lichero ndi limodzi lomwe." Chidachitika n'chakuti zithunzi tidaziika monga zidatulukira m'foni, chilichonse cholemera pafupifupi 4 MB. Zithunzi 20 zotere pa tsamba limodzi ndi mtolo wa 80 MB, ndipo wosenza mtolowo ndi wogula. Mdzukulu wanga adazichepetsa kuti chilichonse chisapitirire 200 KB, koma kukongola kwake osasintha. Cholakwa chathu chidali chakuti tidayesa tsambalo pa kompyuta yake, pa malo a netiweki yamphamvu, pamene ogula athu ambiri ali ndi mafoni ang'onoang'ono ndi bandulo yowerengera. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo wa pa intaneti ndiye amakamuka msanga kuposa mame enieniwo.

Patatha miyezi itatu maoda adangoti zii. Ndidaganiza kuti mwina ndi nyengo, poti anthu adali pa kalikiliki wogula feteleza. Tsiku lachisanu ndi chinayi m'pamene ndidatsegula tsamba lathu, n'kupeza kuti pakhomo paima chenjezo la m'Chingerezi louza aliyense kuti malowa si otetezeka, abwerere. Tsamba lililonse limene keyala yake imayamba ndi https limakhala ndi satifiketi yotsimikiza kuti zimene wogula akulemba sizikuwerengedwa ndi anthu ena m'njira. Yathu idali yaulere, yochokera ku Let's Encrypt, ndipo idali ya masiku 90. Pali njira yoti izidzikonzanso yokha nthawi isadathe, koma ife sitidaitchere bwino, ndipo makalata otichenjeza ankagwera mu imelo imene palibe ankaitsegula. Kukonza kwake kudatenga mphindi zochepa, koma masiku asanu ndi anayi adali atapita.

Apa ndidakumbuka mayi anga. Tsiku lililonse kusadache bwino ankasesa pabwalo, ndipo ndili mwana ndinkayesa kuti n'chifukwa cha ukhondo wokha. Nditakula ndidazindikira kuti wosesa ndiye amayamba kuona mkukuluzi wa njoka, mapazi a fisi pafupi ndi khola, kapena phazi la munthu amene adazungulira nkhokwe usiku. Kusesa kudali kuwerenga zimene zachitika pakhomo anthu ali m'tulo. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndisadamwe tiyi ndimalowa m'sitolo yathu ngati mlendo, pa foni yanga yakale: ndimatsegula tsamba loyamba, ndimasankha dengu, n'kufika mpaka polipirira.

Vuto lachitatu ndidalipalamula ndekha, ndipo ndiulule. Tsiku lina ndidaona uthenga wakuti timapulogalamu tothandizira, totchedwa plugin, tikufunika kukonzedwanso. Osafunsa munthu, ndidadina kuti tonse tisinthidwe nthawi imodzi. Tsamba lonse lidangoyera ngati bolodi lofufutidwa. Safunsa adadya phula, ndipo tsikulo phulalo ndidalidya ine. Mdzukulu wanga sadandikalipire. Adangofunsa kuti, "Agogo, chomaliza kukhudza chinali chiyani?" Kenaka adathimitsa timapulogalamu tonse, n'kumayatsa kamodzikamodzi, kufikira adapeza kamene kadali kusemphana ndi tinzake. Adandionetsanso kuti sabata iliyonse amasunga kope ya sitolo yonse pamalo pena, monga makolo ankapachikira chimanga cha mbewu pamwamba pa moto kuti nkhokwe ikaonongeka asasowe pobwerera. Ngakhale atakonza, foni yanga idapitiriza kuonetsa tsamba loyera, chifukwa mafoni amasunga kope ya masamba amene adawatsegulapo kale. Tidafufuta zosungidwazo, ndipo sitolo idaoneka.

Mavuto atatuwa adali a makina, ndipo makina akakonzedwa sasunga mangawa. Limene lidandisowetsa tulo lidali lina.

Mayi wina wa kuno kwathu, wogwira ntchito ku Johannesburg, adaitanitsa lichero kuti likaperekedwe pa chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake ku Blantyre. Monga mudziwa, pa chinkhoswe mkazi amalandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache, pamene mwamuna amalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, ndipo anthu onse amakhala akuona. Mayiyo adasankha lichero limene lidamukongolera pa chithunzi, m'bale wake n'kutilipira pa foni. Koma lichero limenelo lidali laling'ono, la mtundu umene alamu anga amalukira okongoletsa khoma, losaposa mbale ya nsima. Pojambula tidaliyandikira kwambiri kuti maluko ake aoneke, mwakuti lidadzaza chithunzi chonse ngati lichero lopetera. Pansi pake ndidangolemba ndi dzanja langa kuti "Lichero la nsungwi, loluka bwino". Lidafika ku Blantyre kutatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike.

Uthenga wa mayiyo udali waufupi ndi waulemu, ndipo n'chifukwa chake udandilasa. "Bambo, ine sindigula zinthu pa intaneti. Ndidalimba mtima chifukwa adandiuza kuti mwini wake ndi mphunzitsi wamkulu wopuma. Kodi mwana wathu akapetere chiyani m'kambale aka?"

Mdzukulu wanga, pofuna kunditonthoza, adati, "Agogo, sitidaname. Chithunzicho n'cha lichero lomwelo, ndipo mtengo wake udali wotsika. Akadafunsa." Zimene adanenazo zidali zoona, ndipo ndikadakhala m'kalasi ndikadaonjezera kuti malonda ndi m'maso, wogula achenjere. Koma usiku umenewo ndidadzifunsa kuti: mayiyu akadaona ndi maso ati? Pa msika wa Lizulu akadalinyamula, akadalitembenuza, akadaligogoda ndi chala kuti amve kulimba kwake, ndipo mnzake woyandikana naye akadamunong'oneza kuti limenelo n'lachibwana. Pa intaneti zonsezo tidamulanda. Maso okhawo amene adali nawo ndi amene tidamubwereka ife, ndipo tidamubwereka maso oona mbali imodzi.

M'mawa mwake ndidapita kwa alamu anga. Sadatsutse kanthu. Adalowa m'nyumba n'kutulutsa lichero lalikulu, labwino koposa onse, n'kuikapo mthiko wa mbasela. "Alamu, pa msika munthu akadandaula timamusinthira pomwepo," adatero. "Kutalika kwa njira sikusintha mwambo." Tidalitumiza pa basi yoyamba, mtengo wa ulendo tidalipira tokha, ndipo lidafika m'mawa wa tsiku la chinkhoswe. Mayiyo adangolemba mawu amodzi akuti "Lafika". Sadagulenso kwa ife kufikira lero, ndipo sindimuimba mlandu.

Sabata imeneyo tidajambulanso katundu yense. Tsopano chinthu chilichonse chili ndi zithunzi zitatu: chapamwamba, chapansi, ndi china munthu atachinyamula m'manja kuti kukula kwake kuoneke. Timalemba muyeso wake m'masentimita, ntchito yake, ndi masiku amene chidzatenge kuti chifike. Timanena poyera kuti choluka pamanja sichifanana ndendende ndi chinzake, ndipo ngati nsungwi ili ndi banga timalionetsa. Tidalembanso kuti wosakhutira abweze. Nditawerenga tsambalo litatha, ndidaona kuti takhala tikulemba zinthu zomwe zija wogula wa pa msika amadzionera yekha osafunsa.

Ndisabise kuti wogulitsa nayenso saona. Kawiri konse talandira uthenga wa pa foni wooneka ngati wotsimikiza kuti ndalama zalowa, pamene ndi wabodza, wolembedwa ndi munthu wofuna katundu waulere. Lamulo lathu n'lakuti dengu silichoka pakhomo tisadaone ndi maso athu kuti ndalama za mu akaunti zaonjezekadi. Pamenepa mwambi uja ukugwira ntchito monga ndinkauphunzitsira kale.

Mayeso ena adadza mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Lendi ya seva ndi ya dzina timalipira m'madola, pamene malichero timagulitsa m'makwacha. Tidakhala pansi ndi kaundula wanga, ndipo pang'ono titseke. Tidasamukira ku malo otsika mtengo, n'kuchotsa zokometsera zimene sizinkabweretsa wogula. Posamukapo ndidaphunzira chinthu china chimene ndikupempha aliyense achisunge: dzina la sitolo lilembetsedwe m'dzina lanu, ndipo mawu achinsinsi olowera mukhale nawo inu, ngakhale wokuthandizani ali mdzukulu wanu. Khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Athu adalembedwa m'kope imene imagona m'bokosi limodzi ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi.

Sindinganene kuti talemera. Pali miyezi imene maoda amachuluka, makamaka nyengo ya maukwati, ndipo pali ina imene timangosesa pabwalo. Ogula ambiri amaona katundu pa tsamba kenaka n'kutilembera pa WhatsApp, chifukwa Mmalawi safuna kugula asadapereke moni ndi kunenerera mtengo. Koma malichero sakufumbwanso m'nyumba, ndipo anyamata awiri a m'mudzimo tsopano amakhala pakhonde la alamu anga masana, mipeni ili m'manja, kuphunzira kung'amba nsungwi.

Kwa ana onse amene ndidawaphunzitsa mwambi uwu, ndikupempha kuti mutsegulenso makope anu, pakuti ndidakupatsani theka la yankho. Ndidakuuzani kuti wogula aone asadalipire, ndipo zimenezo n'zoona. Chimene sindidakuuzeni n'chakuti pamene wogula sangathe kuona, udindo wonse wa maso umagwera wogulitsa: aonetse chimene iye mwini akadafuna kuona akadakhala kuti ndalamazo n'zake.

Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za zipangizo zoperekedwa pa chinkhoswe ndi tanthauzo la chilichonse, poti nkhani ya lichero ija yandikumbutsa kuti achinyamata ambiri amazilandira osadziwa chimene akuuzidwa.