Kabala ka ku Katanga

Amayi anga asanatsikire kulichete adandisiyira ntchito imodzi, yoti ndikapeze pomwe adagona mlongo wawo. Amalumewo adachoka kwathu ku Dedza m'chaka cha 1961, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ine ndisanabadwe. Adatsata mapazi a anyamata ambiri a masiku amenewo, omwe ena ankalembedwa ndi Mthandizi, ena n'kumayenda wapansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, kukasaka ndalama za msonkho m'mafamu a fodya a Azungu. Makalata adabwera atatu okha, ndipo yotsiriza inali ndi chidindo cha ku Norton. Kuchokera pamenepo kudangoti zii. Mbumba idatsala yopanda mwini, ndipo pamudzi dzina lawo lidasanduka limodzi mwa maina a matchona.

Mwayi udapezeka m'chaka cha 2016 pamene ndidapita ku Harare kumsonkhano wa aphunzitsi a ziyankhulo. Msonkhano utatha ndidakwera kombi yolowera kumadzulo pamsewu wa ku Bulawayo, ndipo titayenda makilomita pafupifupi 40 ndidatsika pa Norton. Tauniyi idatenga dzina la banja la Mzungu wina wa famu lomwe lidaphedwa pankhondo ya Chimurenga ya mu 1896. Ili pafupi ndi nyanja ziwiri zochita kutseka, Chivero ndi Manyame, ndipo alendo ambiri amaidziwa chifukwa cha Pakare Paye, malo a zaluso omwe adakhazikitsa Oliver Mtukudzi. Ine sindidadzere zimenezo. Ndidayamba kumene munthu wa sukulu amayambira, m'maofesi ndi m'matchalitchi, ndipo masiku awiri adatha dzina la amalume lisakupezeka m'kaundula aliyense. Tsiku lachitatu mnyamata wina wogulitsa nsomba adandimvera chisoni. Adandiuza m'Chishona kuti ngati ndikufuna nkhani za Achimwene, pakuti ndimo mmene amatitchulira Amalawi kumeneko, ndipite kumene Achimwenewo amamwera.

Kabalako kali kuseri kwa misika ya ku Katanga, imodzi mwa makomboni a Norton. Kalibe chikwangwani. Ndi chipinda chimodzi cha malata adzimbiri, mabenchi atatu, kauntala yotchingidwa ndi waya, ndi wailesi yomwe tsikulo inkaimba sungura ya Alick Macheso. Panja pali mtengo wa mango, ndipo pansi pake madala anayi adali atazungulira bawo. Pakati pawo pankayenda chigubu chimodzi cha Chibuku, chomwe kumeneko amachitcha skadi potengera mizinga ya Scud ya pankhondo ya ku Gulf mu 1991. Aliyense amati akapapira pang'ono, n'kupukuta kukamwa kwa chigubucho ndi chikhatho, n'kupatsira mnzake.

Ndidafika nditavala jekete, kabuku kali m'manja, ndipo macheza adaduka. Ndidadziona ndekha mmene ankandionera: ngati si wapolisi ndiye wa boma. Ndidanjuta, n'kuomba m'manja, ndipo ndidati, “Zikomo, agogo. Muli bwanji kuno?” Mkulu wina wa ndevu zoyera adandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe.

“Tili bwino, kaya inu bambo? Mfunda wanu ndani?”

“Ndine Phiri, wa ku Dedza.”

“Ndiye khalani apa, a Phiri. Mwaimiranji ngati mwadza kudzalanda katundu?”

Adandisunthira pabenchi ndipo chigubu chija chidafika m'manja mwanga. Palibe adandifunsa za ntchito yanga kapena za mapepala anga a sukulu, tsiku limenelo ngakhalenso masiku otsatira. Pamalo paja munthu amadziwika ndi mfunda wake ndi mudzi wa makolo ake, basi. Ndidamva a Banda, a Mbewe, a Mwale, a Nkhoma, ndipo ndidakumbukira kuti anthu amenewa ndi omwe andale ena a m'dzikomo ankawanyoza kuti ndi opanda mitupo, kutanthauza kuti alibe mfunda. Mifunda adali nayo; chomwe chidasowa ndi wowafunsa.

Ntchito yanga ndi yomvetsera mmene anthu amayankhulira, choncho khutu silidachitire mwina. Chichewa cha pansi pa mango paja chidali ngati chovala chakale chosungidwa bwino koma chazigamba. Madalawo ankatchulabe dziko lathu kuti Nyasalande, ndipo ankati “kumudzi” ngakhale awiri mwa iwo adabadwira pafamu ndipo sadaonepo phiri la Dedza. Famu ankaitcha purazi, chiphaso ankachitcha chitupa, ndipo popeza Chishona chilibe l, lilime lawo lidazolowera r pomwe ife tikadaika l. Akafuna kuseketsana potsanzira ukali wa Mzungu wa famu ankalumphira m'Chilapalapa, chiyankhulo cha malamulo chomwe sankachigwiritsa ntchito pa china chilichonse. Anyamata omwe ankalowa ndi kutuluka ankamva zonse, koma ankayankha m'Chishona. Ndidatsekula kabuku kanga kuti ndilembe, koma mkulu wa ndevu uja adati, “Mukalemba, mowa ukupitirirani.” Ndidakatseka.

Pang'onopang'ono ndidamvetsa chifukwa chake kachipinda konyozeka kotere kadali ndi mtengo wapatali kwa iwo. Kale bwalo lawo lidali komboni ya pafamu. Kumeneko ndiko kunkaweruzidwa milandu, kunkakambidwa maukwati, ndipo kumeneko ndiko kunkatuluka gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure. Kulanda mafamu kutayamba m'chaka cha 2000, antchito ambiri adataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo pogawa minda ochepa okha ndiwo adakumbukiridwa. Lamulo la unzika la mu 2001 lidawonjezera ululu, pakuti lidafuna kuti munthu akane unzika wa dziko la makolo ake, ngakhale dzikolo sadalipondepo. Ambiri adatsala ndi zitupa zowatchula kuti alien. Malamulo atsopano a dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe omwe makolo awo adachokera m'maiko a SADC, koma sadabweze makomboni. Anthu adamwazikana, ena ku Lydiate kunja kwa tauni, ena m'tizipinda ta lendi ku Katanga ndi ku Ngoni. Mabenchi atatu aja ndiwo adatsala m'malo mwa bwalo.

Sindikufuna kupaka malowa mafuta. Ndidaona bambo wina akumwera ndalama ya ganyu ya tsiku lonse, mkazi wake ataima pakhomo ndi mwana kumbuyo, osanena kanthu. Ndidamva za ena omwe kachasu adawatengera kumanda. Mwini kabalako, mayi wojintcha yemwe onse ankamutcha kuti Nabanda, ankazidziwa zonsezi kuposa ine. Amati akaona kuti munthu wafikapo, ankamukaniza ngakhale atatulutsa ndalama, n'kutuma mnyamata kuti amuperekeze. M'mabala a m'mahotela a ku Harare ndi ku Lilongwe, momwe ndakhalamo kambirimbiri, adzakuthirirani kufikira mutagwa, chifukwa palibe akudziwa kwanu.

Nkhani ya amalume ndidaitula madzulo a tsiku lachiwiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina lawo la ubatizo palibe adalizindikira. Koma nditatchula mudzi wathu, n'kunenanso zomwe amayi adandiuza, kuti mlongo wawo adali wamanzere ndiponso wachibwibwi, mkulu wa ndevu uja adasiya njere za bawo.

“Amene uja ankawotcha fodya m'mabalani? Tidagwira naye ntchito zaka zambiri. Nabanda, tabweretsani buku lija.”

Mayi uja adatulutsa pansi pa kauntala kope lalikulu lothimbirira. Lidali buku la gulu lawo lothandizana pamaliro, lomwe linkasungidwa pabalapo chifukwa ndi pokhapo pomwe aliyense ankafika. M'menemo mudali maina, midzi ndi maboma a ku Malawi, zopereka za mwezi ndi mwezi, ndi kamtanda pambali pa aliyense wotisiya. Amalume adalimo, pansi pa dzina lomwe adapatsidwa pafamu, koma mudzi udali wathu ndithu. Kamtanda kawo kadali ka 2003. Zomwe ndidazisowa m'maofesi ndidazipeza m'buku lonunkha masese.

M'mawa mwake mkuluyo adandiperekeza kumanda a antchito a pafamu ija, omwe tsopano adazunguliridwa ndi minda ya chimanga ya eni atsopano. Adandilozera kamtumbira kopanda mwala, ndipo adati iye ndi anzake a pabenchi paja ndiwo adakumba. Ndidagwada, n'kuwauza amalume kuti mlongo wawo adawadikira mpaka tsiku lake lomaliza. Ndidatapa dothi pang'ono m'kampango, lomwe ndidakalithira pamanda a amayi ku Dedza.

Ndidabwereranso ku Norton m'chaka cha 2023. Mkulu wa ndevu uja ndidapeza ali ndi kamtanda kake m'buku. Pabawo padali madala awiri okha, ndipo pabenchi lake padakhala mdzukulu wake, yemwe adandilonjera m'Chishona, kenaka mwamanyazi n'kuyesa kuti, “Muri bwanji, agogo?” Nabanda adandizindikira ndisanayankhule. Adabwera ndi chigubu m'dzanja limodzi, buku m'dzanja linalo, ndipo adati popeza ndili ndi wanga m'dothi la kumeneko, sindinenso mlendo. Ndidapereka dola imodzi ya mwezi umenewo, ndipo ndidalemba ndi dzanja langa pamzere wotsatira: Phiri, wa ku Dedza.