Timikondo ta makina oyezera chinyezi

Pa Mponela pano anyamata okonza mafoni ayamba kulandiranso makina oyezera chinyezi cha mbewu. Amapala timikondo take ndi sandipepala mpaka ting'anime, n'kulipiritsa theka la mtengo wanga. Mwini makina amachoka akusekerera, osadziwa kuti amuchotsera chikutiro chimene chimateteza chitsulocho ku dzimbiri. Mvula imodzi yokha, timikondo tafiira. Akatero ndiye amandikumbukira ine, ndipo pamtengo amadandaulabe.

Za kusintha mabatire sindinena, ndi mwana yemwe amatha. Ntchito yeniyeni ili patsinde, pamene timikondo tiwiriti timalowa m'chogwirira. Makinawa amayeza mmene magetsi akudutsira m'mbewu kuchoka pa kamkondo kena kupita pa kanzake, ndipo mbewu yonyowa imawadutsitsa mosavuta. Tsono patsindepo pamaunjikana fumbi la soya, gaga wa chimanga ndi mankhwala a anankafumbwe. Mu June ndi July, nkhungu ikamata mapiri a Ntchisi m'mawa, fumbilo limamwa chinyontho, magetsi n'kupeza njira yachidule. Chimanga chouma bwinobwino, cha 13 peresenti, makina amachiyesa chachiwisi. Mayi amene wasenza thumba kuchokera ku Malomo amabwezedwa, kapena kudulidwa mtengo, chifukwa cha litsiro la wogula. Mafuta a mtedza amachita zosiyana: amaphimba chitsulo, makina n'kuwerenga motsika. Wogula amaunjika matumba achinyezi m'nyumba, ndipo chuku chimalowa.

Ine ndimagwiritsa ntchito spiriti, mswachi wofewa ndi kansalu kathonje. Madzi ayi, palafini ayi. Ndikatsuka ndimaimika timikondo moloza pansi kuti spiriti asatsikire m'kati, n'kuwasiya pamthunzi aume okha. Kenako ndimayesera pa chimanga changa chimene ndimasunga m'botolo lotseka kwambiri, chimene chinyezi chake ndimachidziwa.

Botolo limeneli anandiphunzitsa ndi madala ena amene ankakonza masikelo ku Kanengo asanabwerere kwawo ku Madisi. Anali munthu wosalankhulalankhula. Asanayatse makina, ankatapa maso a chimanga, kuluma limodzi, kumvetsera kuthetheka kwake, n'kunena nambala yawo. Makina akatsutsana nawo kwambiri, ankawatsegula. Ankasunganso mchere wokazinga woumiratu: amathira m'botolo louma pamodzi ndi chimanga, kukhutchumula, ndipo mchere ukamatirira m'mbali, ankadziwa kuti chimangacho sichinaume. Chaka changa choyamba sanandilole kugwira waya. Ndinkangotsuka timikondo, iwo n'kutiyang'ana padzuwa, n'kundibwezera osanena kanthu. Analinso okhwima pa mbewu yotentha: yochokera pamkeka masana ankaiika pamthunzi kaye izizire, poti kutentha kumasokoneza mawerengedwe.

Mavenda a ku Nambuma ndi ku Mvera ndimawauza kuti abweretse makina mu April, msika usanatenthe. Amabwera mu June, lole ikudikira panja, akufuna ndimalize pompopompo. Ndimawapatsa mpando. Spiriti akauma ndi pamene ndimabwezeretsa mabatire.