Malume wa Fokolifiti

Usiku uliwonse wa sabata imeneyo, mwamuna wina wa ku Ntcheu ankakhala m'mphepete mwa bedi m'kachipinda kake ka lendi ku Clairwood, foni ili m'manja, n'kumaonera kanema wa munthu wovala chisoti amene ankamuphunzitsa kanyamulidwe ka katundu. Kanemayo akatha pankabwera mafunso khumi a m'Chingerezi, lililonse ndi mayankho anayi oti asankhepo limodzi. Mwamunayo anali atayendetsa fokolifiti kwa zaka zambiri m'nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi doko la Durban, ndipo kulemera kwa katundu ankakudziwa pongomva kulira kwa injini. Koma funso lachisanu ndi chiwiri linamukanika katatu, chifukwa munali mawu awiri amene anali asanawamvepo chibadwire.

Agogo ake anaphunzira ntchito mwa njira ina. Iwo anapita ku Joni pa Wenela m'zaka za m'ma 1960, ndipo asanatsike mumgodi anayamba aphunzira Fanakalo, chiyankhulo cha kuntchito chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu. Palibe chifukwa chochilirira chiyankhulocho, pakuti chinali cha bwana ndi wantchito wake, cholemera pa mawu olamula koma chosauka pa mawu ofunsira chifukwa. Komabe eni migodi ankavomereza chinthu chimodzi: munthu wa ku Malawi, wa ku Mozambique kapena wa ku Lesotho ayenera kumva zimene akuuzidwa asanalowe pamalo pamene mwala ungamugwere. Maulendo a agogowo anatha mu 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku migodi.

Dziko limene mdzukuluyo anafikamo linali litalemba maphunziro a pantchito m'malamulo. Mu 1998 South Africa inakhazikitsa Skills Development Act, ndipo chaka chotsatira kunabwera lamulo la msonkho umene tsopano ndi 1 peresenti ya malipiro onse a pakampani. Mu 2000 mabungwe a SETA anayamba ntchito, lililonse kuyang'anira gawo lake la chuma. Cholinga chinali cholungama: kubweza ngongole ya maphunziro a nthawi ya tsankho, amene ankakonzera munthu wakuda ntchito ya manja basi. Koma kampani imabwezeredwa gawo la msonkhowo ikapereka malipoti osonyeza kuti inaphunzitsa antchito, ndipo apa ndi pamene foni ndi kompyuta zimakondedwa. Kompyuta imasunga bwino dzina, tsiku ndi malikisi. Zoti munthu wamvetsa kapena wangoloweza kuti yankho ndi lachitatu, imeneyo si nkhani yake.

Chiphaso choyendetsera fokolifiti anali nacho, ndipo zaka ziwiri zilizonse ankachikonzanso monga mwa lamulo, woyesa akumuyang'ana ndi maso. Vuto linali pa maphunziro a pafoni amene kampani inawonjezera. Fomu yake inali ndi kabokosi kofuna manambala 13 a chitupa cha nzika, pamene iye anali ndi pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito. Kalaliki anadzazamo maziro kuti fomuyo idutse, ndipo pakutha pa chaka dzina lake silinaoneke pa mndandanda wa omaliza maphunziro. Posankha kapitawo watsopano, mndandanda umenewo ndi umene unali patebulo.

Mu July 2021 achifwamba a pa intaneti anasokoneza makompyuta a Transnet, ntchito ya makontena pa doko inatsala pang'ono kuima, ndipo zambiri zinabwerera pa pepala ndi cholembera. M'nyumba ya katundu ija, pamene makontena anayamba kufika mosatsata ndondomeko, anali iye amene ankakumbukira zimene zinali pa shelefu iliyonse. Akuluakulu anamuthokoza pakamwa.

Chaka chino anamupatsa mnyamata wa ku Umlazi, wobwera pa pulogalamu ya boma yophunzirira ntchito, kuti amuzoloweze makinawo. Mnyamatayo anakhoza mafunso onse a pafoni tsiku limodzi, koma tsiku loyamba pa fokolifiti anakhota katundu ali m'mwamba, makina n'kupendekeka. Mwamunayo sanakalipe. Anamutsitsa, namuuza kuti aike dzanja pa chitsulo cha kutsogolo kuti amve mmene chimanjenjemerera katundu akapitirira muyezo. Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo amamuitana kuti malume. Mawuwa ndi amodzi m'Chizulu ndi kwawo ku Ntcheu, kumene Angoni a Maseko anakakhazikika atachokera kum'mwera kuno, ndipo atawamva koyamba anatembenuka msanga, poyesa kuti wafika m'bale wa kumudzi.

Tsopano pa nthawi ya chakudya chamasana awiriwo amakhala pa matabwa kuseri kwa nyumbayo. Mnyamatayo amawerenga funso la m'Chingerezi n'kulimasulira m'Chizulu, mwamunayo amayankha, kenaka amafotokoza pamene yankho la pafoni likusiyana ndi zimene makinawo amachita simenti ikanyowa. Atamasuliridwa funso lachisanu ndi chiwiri lija anaseka mpaka kutsokomola. Linkafunsa za malo amene kulemera kwa katundu kumakhazikika, chinthu chimene anali atamuphunzitsa mnyamatayo m'mawa womwewo. Fomu ya chaka chino ikadali ndi kabokosi ka manambala 13.