Chiswahili cha agogo chinandibwezera ngongole

Mayeso a MSCE ndinalemba kawiri, ndipo kawiri konseko Chingerezi chinandigwetsa. Masamu ndinakhoza, zaulimi ndinakhoza, koma wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi. Ndinabwerera kwathu ku Sangilo chimanjamanja.

Ganyu ndinamupeza pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja: kusesa mchenga, kutsuka mapoto, kunyamula zikwama. Mnzanga woperekera zakudya, amene tinayamba naye ntchito tsiku limodzi, ankalandira pafupifupi kawiri ndalama zanga, osawerengera kangachepe kamene azungu ankamusiyira pansi pa mbale. Mphamvu sankandiposa. Iye ankangotha kuwafotokozera mmene nsomba yaphikidwira ndi njira yokwerera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba. Ine mlendo akandifunsa kanthu, lilime linkauma gwaa. Mkazi wanga atadwala ali woyembekezera, ndinakatenga katapila, ndipo ngongoleyo inkakula kuposa malipiro.

Chiyankhulo china ndinali nacho, kungoti ndinkachibisa. Agogo anga aakazi anakulira ku Kyela, kutsidya kwa malire, ndipo ankatikalipira ndi kutituma m'Chiswahili. Kusukulu anzathu ankatinena kuti ndife Ataifa, choncho ndinkachisiya pakhomo ngati nsapato zong'ambika.

Tsiku lina thanki ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam inafera pamsewu wa M1 kufupi ndi kwathu. Dalaivala ankalongosola vuto m'Chiswahili thukuta lili kamukamu, makaniko wa ku Uliwa akungogwedeza mutu osamva kanthu. Ndinaima pakati pawo n'kumamasulira. Mayi wina wogulitsa zitenje ku Mzuzu, amene ankadikira minibasi pomwepo, anandiitana.

"Achimwene, ku Kariakoo munafikako?"

"Iyayi, mayi. Ngakhale pa Songwe sindinawolokepo."

"Kapangitseni chiphaso, tipitire limodzi."

Tinawoloka pa Songwe, tinasintha makwacha kukhala mashilingi pa Kasumulu, kenako basi usiku wonse mpaka ku Dar es Salaam. Mumsika wa Kariakoo ndinaona kuti mtengo umayamba ndi pakamwa pa wogula. Mayiwo akafunsa m'Chingerezi, wogulitsa ankatchula mtengo wa mlendo. Ine ndikapereka moni wa "shikamoo" kwa wamkulu, n'kufunsa za kunyumba, kenako n'kuti "punguza bei" (tsitsani mtengo), mtengo wa chitenje chomwecho unkatsika. Zimene anandipatsa pa ulendo umodziwo zinaposa malipiro a mwezi wathunthu wotsuka mapoto.

Lero amalonda angapo amandilemberatu tsiku, ena amangondituma ndekha. Wakatapila ndinamaliza naye, ndipo mwana uja anabadwa bwinobwino, ndikuyamika Mulungu. Chingerezi sindinachitaye ayi, chifukwa mafomu a kasitomu amachifunabe, moti ndayambiranso kuchiwerenga madzulo.

Agogo anamwalira asanaone zonsezi. Makolo anzanga a ku Karonga, mwana akamayankhula Chiswahili pakhomo musamuletse.